CIYAMBI CA MZINDA WA LUSAKA NDI MAKOMBONI ACE

Ndi midzi yowerengeka kwathu kuno imene iribe mwana wace ku Lusaka. Mukafunsa nkhalamba kuti, "Kodi mwana wanu uja ali kuti masiku ano?" idzayankha kuti ali ku Kanyama, kapena ku Matero, ku Chawama, ku George, ku Kalingalinga, ku Mtendere. Maina amenewa tawazolowera monga maina a midzi ya patsidya pa mtsinje, ngakhale ena a ife sitinapondeko. Timamvanso madandaulo a kumeneko: kuti dzinja likafika madzi alowa m'nyumba, kuti anthu apanikizana, kuti lendi yakwera. Koma ndi ocepa amene afunsa kuti, Nanga cinayamba bwanji kuti khamu lotere likhale m'zidikha ndi pakati pa maenje a miyala, pamene malo okwera ndi ouma a mzinda womwewo ali ndi nyumba zotalikirana ndi mitengo ya mthunzi? Phunziro lathu liri pa funso limeneli. Kuti tiliyankhe tiyenera kubwerera ku masiku aja Angelezi anayamba kumanga midzi yao m'dziko lino, tione umo anakhalira, ndi umo anaganizira za anthu amene anawapezamo.

Midzi ya makampani

Poyamba tidziwe ici, kuti midzi yambiri ya Angelezi ya kutsidya kwa nyanja sinayambidwe ndi boma lao, koma ndi makampani a malonda. Anthu a cuma ku London anali kusonkha ndalama, napempha kalata ya cilolezo kwa mfumu yao, natumiza anthu kukafuna phindu. Mudzi wao woyamba kukhazikika ku Amereka ndiwo Jamestown, m'dziko la Virginia, umene anaumanga m'mwezi wa May 1607 amuna ndi anyamata 104 otumidwa ndi Virginia Company. Iwowa anasankha malo okomera zombo zao, koma oipira matupi ao, pakuti panali pacidikha ca udzudzu ndi madzi amcere. Pofika January 1608 amoyo anatsala 38 okha, ndipo iwonso akadatha cikadapanda cimanga ca eni dziko, anthu a mfumu Powhatan. Pambuyo pace fodya ndiye anaulemeretsa mudziwo, ndipo m'caka ca 1619 anafikako anthu oyamba a ku Afrika, ogwidwa ku Angola. M'caka ca 1624 mfumu ya ku Mangalande inalanda ulamuliro m'manja mwa kampaniyo.

Kwathu kuno zinayenda m'mapazi omwewo. M'caka ca 1889 Mfumukazi Victoria inapatsa kalata yotere kwa British South Africa Company ya Cecil Rhodes, munthu amene anali kulota za njanje yocokera ku Cape Town kufikira ku Cairo. Kampaniyo inagonjetsa Angoni a Mpezeni m'caka ca 1898, nikhazika boma lace la kum'mawa ku Fort Jameson, kumene ticha Chipata lero. Boma la kumadzulo linali ku Kalomo, ndipo linasamukira ku Livingstone m'1907. M'1911 zigawo ziwirizo anaziphatikiza nazicha Northern Rhodesia. Kampani inalamulira kufikira 1924, pamene boma la ku Mangalande linatenga dziko, zitapita zaka 300 zenizeni cicitikire zomwezo ku Virginia.

Pomwera sitima

Lusaka sanayambe monga Fort Jameson, ndi linga ndi asilikari. Anayamba ngati pomwera sitima. M'caka ca 1905 ulalo wa pa mathithi a Mosi-oa-Tunya unatha, ndipo omanga njanje anathamangira kumpoto, kulinga ku Broken Hill, ndiye Kabwe wa lero, kumene kunapezeka mtobvu m'1902. Sitima za masiku amenewo zinali kuyenda ndi moto ndi madzi, ndipo njanje inali imodzi. Cifukwa cace pa mamailosi 20 ali onse, kapena pafupi pamenepo, anali kuika kanjanje kapambali kopatukirapo. Kamodzi ka ito kanagwa m'dziko la Asoli ndi Alenje, pafupi ndi mudzi wa mfumu yaing'ono dzina lace Lusaaka. Mbiri imati mudziwo unali ca ku citunda cochedwa Manda Hill, pamene paimirira Nyumba ya Malamulo tsopano. Azungu oyamba anali kulemba dzina la malowo kuti Lusaakas, ndiko kunena kuti "kwa Lusaaka".

Tsono taonani ici, pakuti ndico muzu wa nkhani yonse. Amene anasankha malowo sanali kufuna pomanga mzinda. Anali kufuna pamalo pa see, poti njanje igone bwino. Koma pansi pa cigwa cimeneco pali thanthwe la mwala wa njereza, ndipo m'malo ambiri mwalawo uli pamtunda peni-peni, dothi lace ndi la pamwamba pokha. Mwala wotere umasungunuka pang'ono-pang'ono ndi madzi, nukhala ndi ming'alu ndi mapanga m'kati mwace. M'malimwe madzi atsikira m'menemo, pamwamba nipauma gwa. Koma m'dzinja mapangawo akadzala, madzi akwera nabwerera pamtunda, ndipo popeza malowo alibe citsetse, asowa kolowera, nangoima.

Moyo wa Azungu oyamba

Oyamba kukhala pa malowo ambiri sanali Angelezi konse. Anali Mabunu ocokera kumwera, amene anadza ndi ngolo za ng'ombe, akazi ndi ana ali momwemo, nalandira mafamu akuru kwa Kampani pa mtengo wocepa. Panadzanso Ayuda a masitolo, ndi Mtaliyana wina, Marrapodi, amene anaocha njereza ndi njerwa. Komboni ya Marrapodi isunga dzina lace kufikira lero. Angelezi ndiwo anagwira zaulamuliro, ngakhale boma la cigawoco silinali pa Lusaka koma ku Chilanga.

Tisaganize kuti anthu awa anafikira m'nyumba zokongola. Nyumba zao zoyamba zinali za mitengo, zophomedwa ndi dothi ndi kufoleredwa ndi udzu, monga zathu zomwe. Malata ndi njerwa zinadza pambuyo. Anali kulima cimanga ndi kuweta ng'ombe, nagulitsa ufa ndi nyama ku migodi ya Broken Hill ndi ya ku Katanga. Tsiku lofika sitima ndilo linali tsiku lalikuru, pakuti ndiyo inali kudza ndi makalata, nsaru, mcere, shuga ndi mankhwala. Mseu wao waukuru, umene anaucha Cairo Road pokumbukira loto lija la Rhodes, unali pfumbi lokha-lokha m'malimwe ndi matope m'dzinja, kotero kuti anakumba ngalande m'kati mwace. Kukumba cimbudzi kapena manda pa thanthwe lotere inali nchito yowawa. Malungo anawasautsa kwambiri, makamaka aja oipitsitsa odetsa mkodzo, ndipo munthu wanzeru sanali kugona wosamwa kwinini. Ambiri anaika ana ao m'nthaka yacilendo, kutali ndi abale. Zimenezi tizinene poyera, pakuti cisoni ca mai woferedwa siciyang'ana khungu.

M'caka ca 1913 kamudziko kanapatsidwa bungwe lace loyang'anira miseu, madzi ndi ukhondo, lochedwa Village Management Board, ndipo ndico caka cimene Lusaka awerengerapo zaka zace. Anakondwerera zaka 100 m'2013.

Koma ndani anali kupha miyala, kutema nkhuni zoochera njereza, kuumba njerwa, kutsogolera ng'ombe, kutunga madzi ndi kuphika? Anali makolo athu. Cimene cinawaturutsa m'midzi ndico msonkho, umene unayenera kuperekedwa ndi ndalama, ndipo ndalama zinali kwa Mzungu. Munthu anali kulembedwa pa tikiti ya masiku 30 ogwira nchito, kapitao nacongapo tsiku ndi tsiku. Malipiro anali masheleni owerengeka, pamodzi ndi phoso la ufa, mcere ndi nyemba. Mwamuna waimvi, mwini mbumba kwao, anali kuitanidwa "boyi". M'zaka za 1928 ndi 1929 boma linadula malo opatulira anthu akuda, ndipo midzi yambiri ya m'mbali mwa njanje inasunthidwa kuti nthaka yabwino itsalire mafamu. Inu a ku Chipata, amene makolo anu anapanikizidwa ndi North Charterland Company, simusowa wokufotokozerani kuwawa kwace.

Likulu latsopano

Pamene migodi ya mkuwa inatseguka kumpoto ca kumapeto kwa zaka za 1920, Livingstone anaoneka kuti ali kumphepete kwa dziko, ndiponso ngotentha. Bwanamkubwa Sir James Maxwell anafuna likulu la pakati. Anaitana katswiri wa mamangidwe a mizinda wa ku London, Profesa Stanley Adshead, ndipo m'1931 Lusaka anasankhidwa, popeza ali pamalo okwera ndi ozizira, pa njanje, pa mphambano ya miseu ya kumpoto ndi kum'mawa, ndiponso pansi pace pali madzi ambiri. Koma akatswiri anaona msanga kuti kamudzi ka pa siteshoni kali m'matope. Cotero likulu analiika pa citunda ca kum'mawa kwa njanje, cimene cichedwa Ridgeway, kumene madzi a mvula satha kuima. Kumeneko anamanga maofesi a boma, amene mwala wace wa maziko unaikidwa ndi Prince George m'1934, ndi nyumba ya Bwanamkubwa, imene iri State House lero. Boma linasamuka ku Livingstone m'1935, m'masiku a Bwanamkubwa Sir Hubert Young.

Maganizo a omangawo anali akuti ukhale mzinda wonga munda wa maluwa, monga mizinda ina yatsopano ya ku Mangalande: miseu yotakata, mitengo m'mbali mwace, nyumba iri yonse pakati pa bwalo lace lalikuru. Ndiko kumene anthu athu anakucha "kumayadi", ndipo liulo likali m'kamwa mwa ana a ku Lusaka. Amwenye anapatsidwa malo ao a malonda ca ku Kamwala. Zonsezi zinalembedwa bwino pa mapu. Cimene cinacepa pa mapupo ndico malo a anthu amene anali kudzamanga mzindawo ndi kuutumikira, ngakhale iwo ndiwo anali oculuka kuyambira pa ciyambi.

Mlendo ndi mame

Uku sikunali kuiwala. Akuru athu amati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Ndipo boma la masiku aja linamuyesa munthu wakuda mame a m'tauni. Linati kwao kwa munthu wakuda ndi kumudzi, pansi pa mfumu yace. M'tauni adzere nchito yokha, ali yekha, ndipo nchito ikatha abwerere. Motero mwini dziko anasanduka mlendo, ndi mlendo mwini mudzi.

Malamulo onse anatsata ganizo limeneli. Mwamuna ali yense anayenera kuyenda ndi citupa, colembedwapo dzina lace, mudzi wace, mfumu yace, msonkho wace ndi bwana wace. Wolemba nchito ndiye anayenera kumpatsa pogona; ndiko kunena kuti nyumba inali yomangika ku nchito monga mbuzi ku cikhomo, ndipo wocotsedwa nchito m'mawa anali wopanda denga madzulo. Wophika ndi wa m'munda anali kugona m'kanyumba kuseri kwa nyumba ya bwana. Anchito ena anawamangira ku Kabwata tinyumba tozungulira ta cipinda cimodzi, tofolera ndi udzu, toyenera mbeta yamphongo. Za mkazi ndi ana panalibe pozilemba.

Ine ndiyesa kuti mwa zoipa zonse za makonzedwe aja, ici ndico cinalasa mtundu wathu pamtima. Njala ya ndalama inacotsa amuna m'midzi, ndipo lamulo linakaniza akazi ao kuwatsata. Minda inatsala m'manja mwa akazi ndi nkhalamba, ana anakula osadziwa nkhope ya atate wao, ndipo maukwati ambiri anafera m'njira ya pakati pa mudzi ndi tauni. Komabe akazi anapita. Ena anazembera maso a amesinjala pa miseu, nafika, nadzisunga ndi kufulula mowa ndi kugulitsa ndiwo. Mowa womwewo unali mlandu, pakuti a tauni anali ndi holo yao ya mowa, imene phindu lace ndilo linali kulipirira zosowa za m'malo a anthu akuda. Cotero apolisi anali kutaya mbiya za amai kuti holo isasowe ogula.

Ambiri a anchito a boma, alembi, apolisi ndi asilikari, anali ocokera kum'mawa ndi ku Nyasaland, ndipo Cinyanja ndico cinali cinenero ca upolisi ndi usilikari. Ulalo wa pa Luangwa utamangidwa m'zaka za 1930, njira ya kum'mawa inatseguka kwa onse. Ndico cifukwa cace mzinda wa m'dziko la Asoli ulankhula cinenero cathu, ngakhale ana a kumeneko acisakaniza kotero kuti agogo ao akacimva agwira pakamwa.

Umo makomboni anamerera

Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itatha m'1945, nchito yomanga inakula, anthu naculuka. Boma linaona kuti mame aja sakukamuka. M'1948 linaika lamulo lolola wanchito wokwatira kukhala ndi banja lace m'tauni, ndi kulamula a tauni kumanga nyumba za mabanja. Pamenepo anakuza Chilenje kumwera, namanga Matero kumpoto ca kumadzulo m'zaka zoyamba za 1950. Koma nyumbazi zinali za olembedwa nchito okha, lendi yace yodzera kwa bwana, ndipo sizinakwanire ngakhale iwo omwe.

Nanga otsalawo anapita kuti? Kuzungulira malire a tauni kunali mafamu a Azungu, ndi migodi ya miyala, ndi mauvuni a njerwa ndi njereza. Malamulo a tauni sanali kufikako. Makampani omanga anali kuika misasa ya anchito ao pa malo otere, ndipo nchito ikatha kampani inali kucoka, anthu natsala. Eni mafamu ena anapeza kuti kukhometsa lendi pa kanyumba kali konse kupindula koposa kulima cimanga. Liu lakuti komboni ndilo lija Azungu anali kuchulira mpanda wogonamo anchito, ndipo maina a makomboni ambiri ndiwo kaundula wa eni malo ndi makampani aja: George, John Howard, John Laing, Marrapodi. Chawama poyamba anali kuchedwa komboni ya Roberts. Misisi ndilo liu limene anchito anali kuitanira mkazi wa Mzungu. Kalingalinga anamera momwemo kum'mawa, ndi Kanyama kumadzulo kwa njanje, pa thanthwe lija la njereza limene boma linalithawa pokamanga pacitunda.

Pa malo otere munthu sanali kumanga nyumba yolimba, pakuti sanadziwe tsiku limene idzagwetsedwa. Anali kuumba zidina, nafolera ndi udzu kapena zigamba za migolo, natsendereza denga ndi miyala. Panalibe mpopi, panalibe ngalande, panalibe mseu woongoka. Koma panali cinthu cimodzi cimene ku Kabwata ndi kuseri kwa nyumba ya bwana kunalibe: munthu akacotsedwa nchito anali kugonabe m'nyumba yace, pamodzi ndi mkazi wace ndi ana ace, ndipo mbale wocokera kumudzi anali ndi pofikira. Amene amanyoza makomboni aziyamba aganizira ici.

M'tauni mwenimweni tsankho linali poyera. M'masitolo ambiri a pa Cairo Road munthu wakuda sanali kulowa pa khomo. Anali kugulira pa kazenera ka kumbali, nalandira nyama yokulungidwa kale, yosaiona. Pakati pa zaka za 1950 a African National Congress, motsogozedwa ndi Harry Nkumbula ndi Kenneth Kaunda, anauza anthu kuti aleke kugula m'mabuchala ndi m'masitolo otere, ndipo eni ace anamva kuwawa m'thumba. M'1961, pa cipolowe cochedwa Cha Cha Cha, anthu ambiri anaocha zitupa zao. Kaunda mwini wace anakhala ku Chilenje, m'nyumba ya nambala 394, kuyambira 1960 kufikira 1962.

Ufulu utafika

Pa 24 October 1964 dziko linalandira ufulu, citupa cinatha mphamvu, ndipo amene anali kuletsedwa anadza onse. M'1963 anthu a mu Lusaka anali ngati 123,000. Pofika 1969 anaposa 260,000. Ndipo powerenga anthu m'2022 anapezeka oposa 2,000,000. Nyumba za a tauni sizikadatha kulandira khamu lotere, ndipo makomboni ndiwo analimeza.

Boma latsopano linayamba ndi kugwetsa, monga lakale. Pambuyo pace linayesa njira yina, yodulira anthu mapuloti ndi kuwaikira miseu ndi madzi, kuti nyumba amange okha. Mtendere anayamba motero m'1967. Kusintha kwakukuru kunadza m'1974, pamene Nyumba ya Malamulo inabvomereza kuti komboni ikhoza kulandiridwa ngati malo oyenera kukonzedwa, ndi kuti wokhalamo apatsidwe cikalata ca zaka 30. Caka comweco, ndi ngongole ya World Bank, anayamba kulowetsa mipopi ndi miseu mu George, Chawama, Chaisa ndi makomboni ena. Kalingalinga anakonzedwa m'zaka za 1980 ndi thandizo la Ajeremani. Anthu atadziwa kuti sadzathamangitsidwa, anayamba kugwetsa zidina ndi kumanga ndi mabuloko a simenti, cipinda cimodzi caka cino, cina caka camawa.

Koma lamulo silisintha thanthwe. Madzi saiwala khwawa. M'1978 cigumula cinagwetsa nyumba zambiri mu Kanyama, ndipo dzinja liri lonse la mvula yambiri madzi amabwerera m'malo omwewo. Coopsa coposa ndi ici: pa mwala wa ming'alu, cimbudzi cokumba ndi citsime cosaya zimamwerana pansi pa nthaka, ngakhale pamwamba zioneke zotalikirana. Ndiyo njira ya kolera. Mliri umene unabuka mu October 2017 unayambira ku komboni ya Chipata ndi ku Kanyama, nugwira anthu oposa 5,000 mu Lusaka usanathe m'caka cotsatira. Ndipo unabweranso mwaukali m'dzinja la 2023 ndi 2024. Cifukwa cace mwana wanu akakuuzani kuti wapeza puloti yochipa, mfunseni kuti waiona mwezi uti. Malo a ku Lusaka aonedwe mu February, madzi ali pamtunda. Ndipo madzi a pa citsime ca m'komboni asamwedwe osaphitsa kapena osathira mankhwala, ngakhale aoneke oyera ngati a pa kasupe wa kwathu.

Tinyumba tozungulira ta ku Kabwata tambiri tinagwetsedwa m'zaka za 1970 kuti pamangidwe nyumba zosanjikizana, koma towerengeka anatisiya, ndipo m'1974 malowo anasanduka mudzi wa osema ziboliboli ndi oluka madengu, wochedwa Kabwata Cultural Village. Mukapita kukaona ana anu, apempheni akuperekezeni kumeneko. Muwerame pa khomo, mulowe m'kamodzi, ndipo muyese ndi mapazi anu kukula kwa malo amene omanga likulu anayesa okwanira mwamuna wa kwathu.